Loya Akakudulani Pakamwa

Mayi Enelesi a ku Ligowe anatuluka m'khoti pa nthawi yopuma atatsimikiza kuti sabwereramonso. Mbuzi zawo ziwiri zimene zinabedwa zinali kupolisi, kudikira kuti mlandu uthe. Amuna awo anamwalira, ana ali ku Joni. Paboma anabwera okha, opanda wowaperekeza.

Chinawakwiyitsa ndi ichi. Popereka umboni anati, "A Fackson, oyandikana nane nyumba, anandiuza kuti anamuona Davie akukoka mbuzi..." Asanamalize, loya wa Davie, woimbidwa mlanduyo, anaimirira n'kuyankhula Chingerezi. Womasulira anati, "Akutsutsa." Woweruza anagwirizana ndi loyayo.

Mayiwo anakakhala kumapeto kwa benchi, atafumbata kathumba kawo. Anzawo odikira milandu ankanong'onezana ndi abale awo. Iwo analibe wonong'onezana naye.

Christabel, mtsikana wa bungwe lothandiza anthu pa zamalamulo, anawapeza pomwepo.

"Agogo, mwamangiranji nsalu m'chiuno? Ulendo kale?"

"Ndikupita. Mwana wadzanali, wovala jekete dzuwa likuswa mtengo, kundidula pakamwa! Akunditsutsa ine? Ndanama chiyani?"

"Sanati mwanama. Loya akatsutsa sayankhula ndi inu, amayankhula ndi woweruza. Akuti lamulo sililola mboni kunena zongomva. Zimene anaona a Fackson adzanena okha."

"Ndiye pondidula osati 'pepani', eti?"

"Akadikira mumalize, mawuwo alowa kale m'makutu. Inu mukamuona waimirira, khalani chete. Woweruza akavomera, mfundoyo isiyeni. Akakana, pitirizani. Koma mukachoka, mlandu ukhoza kufa."

Mayi Enelesi anaganiza za khola lopanda kanthu kunyumba. Anamasula nsalu, nalowanso.

Ulendo uno ananena zimene anaona okha. Anati anapita kwa Davie ndi apolisi, napeza mbuzi ziwiri m'khola. Zonse zinali zodulidwa kunsonga ya khutu lamanzere, chizindikiro chimene anaika ndi dzanja lawo.

Loya uja anawafunsa, "Mayi, ana anu anakuthawani chifukwa cha kulongolola, si choncho?"

Mayiwo asanayankhe, wapolisi woimira boma anaimirira. "Ndikutsutsa, bwana. Funsoli silikukhudza mbuzi, n'lonyoza mboni."

"Ndavomera," anatero woweruza. "Mayi, musayankhe."

Mayi Enelesi anamuyang'ana wapolisiyo. Kuyambira m'mawa, uyu anali munthu woyamba kuimirira chifukwa cha iwo.

A Fackson anadzapereka umboni wawo tsiku lina. Davie anapezeka wolakwa, ndipo mbuzi zinabwerera ku Ligowe.

Tsono imvani, inu oitanidwa kukakhala mboni. Loya akati "ndikutsutsa" sakukutchulani wabodza, akupempha woweruza kuti lamulo litsatidwe. Mbali zonse ziwiri zimatha kutero, ndipo nthawi zina kumateteza inuyo. Musakwiye, musathawe. Dikirani woweruza, kenako nenani zimene munaona ndi maso anu.