Maliro a Ennie Opanda Nyimbo

Ku Chinsapo kuno panalibe amene sankadziwa kuti mimba ya Ennie inali ya a Medson, mkulu wa mpingo wa galimoto yoyera uja. Amayi a pampopi ankadziwa, a kabaza ankadziwa. Koma tsiku lodula anthu mumpingo, dzina lomwe linawerengedwa kutsogolo linali la Ennie yekha. Wowerengayo anali a Medson omwewo, jekete ili pathupi, mawu osanjenjemera ngakhale pang'ono.

Ukadulidwatu ndiye kuti mgonero sudya, kwaya suimba, ndipo ukafa usanabwezeretsedwe mpingo subwera ndi nyimbo pa maliro ako. Ennie atabereka kamwana kakakazi anayamba kalasi ya obwerera, osajomba. Kutatsala masabata awiri okha kuti amulandire, malungo anamugwira Lolemba, Lachinayi n'kumwalira.

Tisunge, mng'ono wake, ndiye anaperekeza mayi awo kwa akulu a mpingo. Mayiwa anali ataimba pa maliro a eni ake zaka makumi awiri, ku Kawale, ku Biwi, mpaka ku Area 25, dzuwa ndi mvula zomwe. Anagwada pasimenti n'kupempha nyimbo imodzi yokha, ngakhale ya pamanda basi. A Medson anatsegula kaundula, n'kuyendetsa chala mpaka pa dzina la Ennie. Anati lamulo ndi lamulo, Mulungu ndi wachilungamo, ndipo akalola lero atsikana onse atayirira. Tisunge sankamvanso zonsezo. Ankangoyang'ana makutu awo otambalala aja, omwewo ali pa mwana wa Ennie.

Usiku ndi usana Tisunge ankapemphera chamumtima, ndipo pemphero lake silinali labwino ayi. Ankati galimoto yoyera ija igubuduzike pa mseu wa ku Likuni, kapena pakamwa pawo papotoke ali pa guwa, anthu onse akuona.

Tsiku loika, amayi a mpingo anabwera ndithu, koma ndi zitenje wamba, yunifolomu zoyera zitatsala m'masutikesi. Kuphika anaphika, kudya anadya, koma kukamwa kunali gwa. Bokosi linatuluka m'nyumba ngati akusamutsa kabati. Njira yonse ya kumanda kunkangomveka masilipasi ndi chifuwa cha anthu.

Pamanda panalibe m'busa. Malume ake a Ennie anafunsa ngati pali wina woti atseke ndi kapemphero, amuna onse n'kuyang'ana nsapato zawo. A Medson anali kumbuyo, ati abwera ngati neba. Ndiye mayi a malemu anadzuka okha.

"Ambuye, andiuza kuti ndinu wachilungamo," anatero. "Ine chilungamo chanu sindikuchipempha, mwana wanga sangachipirire. Mumuchitire chifundo basi. Anatsala ndi masabata awiri, mumuwerengere nokha kumeneko. Ndipo a Medson..."

Apo ngakhale okumba manda anasiya kugwedeza makasu. Tisunge anati chamumtima lero zituluka.

"Nawonso muwachitire chifundo inuyo, poti ine sindingathe."

Anthu anati ameni chapansipansi. Tisunge sanatero. Ali m'njira yobwerera anawafunsa mayi ake kuti chifundo chomwecho chipite bwanji kwa wakufa ndi kwa womukaniza nyimbo. Iwo anangomuuza kuti afulumire, mwana sanamwe mkaka chiyambire m'mawa.

Galimoto sinagubuduzike. Pakamwa sipanapotoke. Lamulungu la mgonero, lomwe Ennie akanalandiridwa, a Medson ndiwo ankayendetsa mbale ya mkate, atameta bwinobwino.

Tisunge analawirira n'kukakhala pa benchi ya kutsogolo, mwana ali pamiyendo. Mbale itayandikira, anavula mwanayo kachipewa n'kumutembenuza bwino kuti makutu aonekere. A Medson anaima, dzanja lili m'malere.

"Pitirirani nayo, abambo," anatero Tisunge. "Ife kwathu tikudikirabe chilungamo chija munanena."

Mbale inapitirira. Kumbuyo kwaya inayamba nyimbo, yomwe ija Ennie ankaitsogolera.