Mapasa a Agalumphepo

Kodi mungalote chifukwa chimene mkulu wa ojambula ankakakamirira lamulo lomaliza pa malamulo ake anayi? Ine ndinangotsala pang'ono kutaya ntchito ndisanachidziwe.

Ndinali pa sabata yoyesedwa pakampani yopanga makadi amasewera. Ntchito yathu inali kujambula agalumphepo, nyama zongopeka zofanana ndi agalu, koma za makutu aatali olendewera mpaka m'mawondo. Pakhoma, pamwamba pa sinki yotsukira maburashi, anamatapo pepala la malamulo a ubweya wawo. Mawanga asapitirire asanu ndi awiri. Mizere ikhale pamsana pokha. Nsonga yoyera ya mchira ndi ya mtsogoleri wa gulu basi. Lomaliza linali la zilembo zikuluzikulu: agalu awiri asasiyane mtundu wokha, asiyanenso mawanga.

Mkuluyo anandiuza kuti ndijambule mapasa, ndipo akawakonda pofika Lachisanu, tebulo la pawindo likhala langa. Ndinaikirapo mtima wonse. Wina ndinamupaka wofiira ngati njerwa, mnzake wobiriwira ngati ndere, mawanga ofanana ndendende. Mumtima ndinati mapasa ndi mapasa, lamulo liyambe lapuma.

A Chipewa, mnzanga wa tebulo loyandikana ndi langa amene savula chipewa ngakhale kutenthe bwanji, anasuzumira n'kundifunsa ngati ndalongedza kale katundu wanga. Ndinawauza kuti nsanje imakalambitsa msanga.

Mkulu uja anayang'ana pepala langa nthawi yaitali, nalitembenuza uku ndi uku.

"Achemwali, galuyu ndi wokongola zedi. Koma mwamujambuliranji kawiri?"

Ndinaseka poganiza kuti akucheza. Iwo sanaseke. Anandibwezera pepalalo mwaulemu, nandikumbutsa kuti kwatsala tsiku limodzi.

Nditakhala pansi, manja ali lende, a Chipewa anandikankhira chitini cha mapensulo a mkuluyo. Anati munthu wokhumudwa amafunika kantchito ka manja, ndiwasongole onse, koma kumatako kwake ndisakukhudze. Ndipamene ndinaona kuti mapensulo ena ali ndi timipata tosema ndi mpeni kumatakoko. Ofiira onse anali ndi kampata kamodzi, obiriwira tiwiri. Achikasu ndi abuluu analibe kanthu.

Ndinayang'ana chitini, n'kuyang'ana pepala la pakhoma. A Chipewa anali akuimba mluzu ngati sakudziwa kanthu.

Ndinatenga burashi yaing'ono. Wofiira uja ndinamuika banga loyera lozungulira diso lakumanzere, wobiriwira ndinamupatsa mizere iwiri pamsana. Mitundu yanga sindinaisinthe.

M'mawa wa Lachisanu mkuluyo anangoponyapo maso kamodzi n'kumwetulira.

"Eya, tsopano abadwa awiri. A Chipewa, chotsani makapu anu patebulo la pawindo, mwini wake wafika."

A Chipewa anachotsa makapuwo akudandaula kuti chifundo chawo chawalanda tebulo limene analisandutsa kabati. Kenaka anandinong'oneza zimene aliyense m'chipindamo ankadziwa kupatula ine: chibadwire, maso a mkulu wathu sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira.