Chikuku Chilowe Kaye

Lachisanu limenelo agogo aamuna anaphonyanso mafizo. Kanali kachitatu mwezi umodzi womwewo.

Chidwalireni sitiroko, mwendo ndi mkono wawo wakumanzere zinafooka, ndipo ankayendera chikuku, njinga yokankha ija ya anthu osatha kuyenda. Kuchipatala anawauza kuti azipita kumafizo Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse kukawongola ziwalo. Koma kapitidwe kake! Wa takisi woyamba anangoona chikuku n'kunena kuti chimukalira mipando. Wachiwiri anavomera pafoni koma osabwera. Agogo aakazi anaima pageti mpaka dzuwa linafika paliwombo, mawu a dokotala wa mafizo akuwalira m'khutu: "Mayi, akapitiriza kujomba, mwendo uwu uuma. Ukauma, chikuku sadzatsikamonso."

Tsiku lomwelo mwana wawo, amene aliyense ankamutchula kuti Aphunzitsi, anabwera kuchokera kusukulu ali mwee, pepala lonyezimira lili m'manja. Iye ndi mkazi wake, telala wa pakhonde, anakhala akusunga ndalama zaka zambiri kuti adzagule galimoto yatsopano.

"Amayi, mavuto atha," anatero akuyala pepalalo patebulo. "Taonani. Yofiira psuu, ili ndi kanema kutsogolo, mipando yachikopa. Ndiponso aitsitsa mtengo."

Agogo aakazi sanapite kusukulu, zilembo sadziwa, koma maso ali nawo. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Inu, pepala lonyezimira muziliopa, limaonetsa nkhope osati m'mimba.

"Kagalimoto kameneka kakukwawa ngati buluzi," anatero. "Kadzakumane ndi lole, adzakutolani ndi supuni. Ngati n'kugula, gula chachikulu, chachitsulo, choti ena azichipatukira."

"Chachikulu n'chodula, amayi."

"Chodula ndiye chabwino. Unaona kuti chotchipa chokhalitsa?"

Telala anaimitsa makina ake osokera. Mpongozi ameneyu sankakonda kulowerera mayi ndi mwana akamakangana, koma ulendo uno analankhula.

"Pepani amayi, pepani bambo. Tonse pano palibe anagwirapo injini. Bwanji tifunse a Sipanala?"

A Sipanala anali mayi woyandikana nawo nyumba, makanika wa pagalaja ya kuseri kwa msika. Zikhadabo zawo sizinkayera ngakhale Lamulungu. M'mawa mwake anabwera atavala ovolosi, namvetsera mbali zonse ziwiri, kenako anaseka mpaka kugwira m'nthiti.

"Nonse mwalakwa, koma mwalakwa mosiyana. Achimwene agula ndi maso, agogo agula ndi mantha. Ndifunseko: galimotoyi ntchito yake yeniyeni ndi yotani?"

"Kupititsa abambo kuchipatala," anayankha Aphunzitsi.

"Nanga abambowo mwawafunsa? Chikuku mwachifunsa? Msewu wanuwu mwaufunsa?"



"Mtengo wolembedwa pagalasi ndi khomo chabe," anapitiriza a Sipanala. "Galimoto imadya tsiku lililonse ngati mwana. Funsani kuti imamwa mafuta bwanji. Funsani ngati zipangizo zake zimapezeka m'masitolo a konkuno. Pagalaja panga pali galimoto yokongola yomwe yatha miyezi isanu ikudikira kachitsulo kochepa ngati chala, nkhuku zayamba kuikiramo. Funsani lonjezo la ogulitsa: ikawonongeka yokha adzakonza ulere kwa zaka zingati, ndipo zimenezo zilembedwe. Onani malamba, mabuleki, matumba a mpweya oteteza pangozi. Agogo, chimene chimapulumutsa munthu ndi zimenezo, osati kukula kwa chitsulo."

Agogo anakwinya nkhope, koma anasunga mawuwo.

"Ndipo muone zitatu, osati imodzi. Iliyonse muiyendetse. Tsiku loyamba musasayine kanthu, ngakhale akupatseni tiyi wa mkaka."

A Sipanala atapita, agogo anatuluka kukaima pamsewu wa kwawo. Mvula inakumba tinjira tiwiri ta matayala, pakati n'kusiya msana wa dothi ndi miyala. Kangati konse anamvapo galimoto za alendo zikukhula mimba pamenepo, khwee! Anatenga mpini wa tsache lakutha, nauimika m'kanjira ka tayala, naika chala pamene msana uja unalekezera, nadula pomwepo ndi mpeni. Kamtengoko anakaika m'chikwama chawo cha kutchalitchi.

"Za mapepala muwerenga ndinu," anauza mpongozi wawo. "Ine ndiwerenga ndi aka."

Loweruka lotsatira anapita onse anayi kukaona magalimoto. Aphunzitsi anayesa kukana. "Abambo atopa, amayi. Chikuku tingochiyeza ndi tepi ya kunyumba."

"Nsapato sagulira munthu ali kunyumba," anatero agogo. "Wokwera ndi iwowa. Apita."

Kumalo oyamba pansi pankawala ngati mbale. Anawalandira mnyamata wa tayi, wolankhula motsekemera moti agogo mumtima anamutcha Kamwa-uchi. Galimoto yofiira ija inali pakati, ikununkhira utsopano. Aphunzitsi anakhala pachiwongolero, nkhope yonse mano okhaokha.

"Bwana, yakukhalani ngati munabadwira momwemo," anatero Kamwa-uchi. "Ana asukulu akakuonani adzaimirira okha."

"Tatsekula kumbuyoko, mwana wanga," anatero agogo.

Anatsekula buti. Telala anapinda chikuku n'kuchikweza. Chinalowa theka, magudumu ali panja. Anachitembenuza, chinakana. Anachigoneka chammbali, chitseko osatsekeka.

"Zazing'ono izi, mayi," anatero Kamwa-uchi. "Mumangomasula magudumuwo."

"Kawiri pa mlungu, pageti la chipatala, mvula ikugwa? Udzabwera ndiwe ndi sipanala?"

Kenako anayesa kukweza agogo aamuna. Mpando unali pansi kwambiri, moti mkuluyo anangoti phwa, mawondo kufika pachibwano. Kuti atuluke anachita kuwakoka anthu atatu, Kamwa-uchi tayi ili paphewa. Agogo aamuna, amene chidwalireni mawu ankatuluka amodziamodzi, anapuma nati, "Dzenje."

Telala anabisa kuseka m'dzanja. Agogo aakazi sanaseke. Anagwada pansi powala paja, anthu onse akuona, natulutsa kamtengo kawo. Anayesa kukaimika kunsi kwa galimoto. Sikanaime, kanatsala ndi zala zitatu.

"Iyi kwathu sikafika," anatero akudzuka. "Ikasiya matumbo pamsewu."

Telala anafunsa za zipangizo. Kamwa-uchi anati amaitanitsa kunja, zimafika "posachedwa". Atafunsidwa kuti posachedwa ndi masiku angati, anayamba kukamba za kanema wa kutsogolo. Chikomekome cha nkuyu, inu, m'kati muli nyerere.

Kumalo achiwiri kunali chigalimoto cha kumtima kwa agogo, chakuda, chachitali ngati khola la nkhunda. Kamtengo kanaima kunsi kwake n'kutsala malo. Chikuku chinalowa ngati chalowa m'chipinda. Agogo anayang'ana mwana wawo ndi diso loti, ndinanena ine.

Koma kukweza mkulu uja! Mpando unali m'chiuno mwa munthu woimirira. Aphunzitsi ananyamula kumapewa, telala kumiyendo, thukuta kamukamu, mpaka nsapato ya agogo aamuna inavuka. Atakhala, mkuluyo anayang'ana pansi nati, "Denga."

"Amayi," anatero telala mwaulemu, "Lachiwiri bambo amakhala ali m'kalasi. Woyendetsa ndidzakhala ine, wothandiza inu. Awiri ife tidzawakweza pamenepa?"

Agogo anayang'ana manja awo okwinyika. Ndiye wogulitsa atatchula mafuta amene chigalimotocho chimamwa, Aphunzitsi anaimba mluzu.

"Chimenechi chidzatidyera ndiwo, amayi."

 Kugonja pamaso pa mwana wobereka wekha kumawawa, koma kwa agogo mwendo wa amuna awo unali wofunika kuposa manyazi.

"Ndinalakwa," anatero. "Tiyeni kwina."

Yachitatu inali yotuwa ngati bulu, yopanda chokopa maso. Aphunzitsi anaizungulira manja ali m'thumba.

"Iyi ndiye ya a nesi opuma ntchito," anang'ung'udza.

"Bulu ndi amene amafikitsa katundu," anayankha agogo, ali kale chogwada. Kamtengo kanaima kunsi, pamwamba n'kutsala mpata wa chala chimodzi ndi theka. Chitseko cham'mbali chinatsekuka kwambiri. Mpando unali msinkhu umodzi ndi chikuku, moti telala ndi agogo, awiri okha, anawasendeza agogo aamuna n'kuwakhazika bwinobwino. Chikuku chinalowa chathunthu, chitseko n'kutsekeka kuti thi.

Wogulitsa wa kumeneko anali mayi wosachulutsa mawu. Anawaonetsa malamba a mipando yonse ndi pamene pali matumba a mpweya. Anatchula masitolo a m'tauni momwemo ogulitsa zipangizo zake. Lonjezo lokonza linali lalitali kuposa la yofiira ija, lolembedwa papepala, ndipo telala analiwerenga mokweza mzere ndi mzere kuti agogo amve. Pamene sanamvetse, agogo ankati, "Bwerezani pamenepo," ndipo ankabwereza. Anaiyendetsa mpaka kumsewu wa mabampu, Aphunzitsi popita, telala pobwera. Agogo anagwira lamba ndi manja awiri njira yonse, akuchenjeza za njinga iliyonse ndi galu aliyense.

Vuto linali limodzi: mtengo wake unaposa pang'ono wa yofiira ija.

Ali panja, foni ya Aphunzitsi inalira. Anali Kamwa-uchi. Mawu ake ankamveka ngakhale kwa agogo.

"Bwana, mtengo wotsitsa uja ukutha lero. Pali dokotala wina akuifuna, koma ine ndakusungirani inu. Bwerani musayine, ndikuwonjezerani makapeti aulere."

Aphunzitsi anaima, foni ili kukhutu, maso ali kumsewu wobwerera kumalo oyamba kuja. Agogo ankamudziwa mwana wawo. Mwanayo anavala jekete imodzi zaka zonsezi, akuyenda wapansi anzake akumudutsa pagalimoto. Ankafuna tsiku limodzi lokha loti naye anthu amucheukire. Ulendo uno agogo sanakalipe.

"Mwana wanga," anatero motsitsa, "ndalama ndi zako ndi mkazi wako, ine sindinaikepo kanthu. Koma wokuthamangitsa kuti usayine lero akuopa kuti mawa uganiza. Tawafunsa abambo ako."

Aphunzitsi anawerama pa chikuku. "Abambo, inu mwakonda iti?"

Mkuluyo anakweza dzanja lake labwino lija, naloza yotuwa. 

"Mpando," anatero. Anapumira, nawonjeza, "Ndidzayenda."

Aphunzitsi anakhala chowerama. Kenako anabweza foni kukhutu. "Achimwene, apatseni adokotalawo. Makapetiwo muwapatsenso."

Tsiku limenelo sanasayine paliponse. Anapita ndi mapepala onse atatu kwa a Sipanala, amene anawayala pabenchi ya pagalaja n'kuyerekeza mafuta, sevisi ndi zipangizo.

"Yofiira ndi yotchipa tsiku logula lokha," anatero. "Yakuda ndi yabwino, koma kwa munthu wa ntchito ina. Yotuwayi pofika chaka chachiwiri idzakhala itabweza kusiyana kwa mtengoko. Mukakaitenga ndipita nanu, ndikaone ngati tayala lapadera ndi jeke zilimo."

Anaigula mlungu wotsatira. Tsiku lofika nayo, agogo anaima pamsewu khutu lili tcheru pamene inkadutsa pa msana wa miyala uja. Sipanamveke kukhula kulikonse.

Kuyambira pamenepo agogo aamuna sanaphonyenso mafizo, kaya kugwe mvula kaya kuombe dzuwa. Telala ankayendetsa, agogo aakazi ali kumbuyo ndi machenjezo awo: "Pang'onopang'ono apongozi, wa njingayo waledzera, ndamuona maso." Aphunzitsi nawo anayamba kuitsuka Loweruka lililonse, n'kumaitchula kuti Bulu Wanga.

Patatha miyezi isanu ndi umodzi, Lachisanu lina, galimoto inaima pakhomo. Telala anapita kumbuyo kukatsitsa chikuku monga mwa masiku onse.

"Chisiyeni," anatero agogo aamuna.

Anatsitsa mwendo wabwino, kenako wodwala uja. Anagwira chitseko, natambasula dzanja. Ndodo ya kuchipatala inali m'buti, pansi pa chikuku, ndiye agogo aakazi anangowapatsa phewa. Phazi limodzi, kupuma. Linalo, kupuma. Agogo aakazi ankaopa kuposa wodwalayo: "Mwala uwo! Samalani sitepe! Mugwa inu!" Koma sanagwe. Anafika pakhonde ndi miyendo yawo, nakhala pampando, natulutsa mpweya.

A Sipanala, amene ankaonera pampanda, anaomba m'manja mwawo mwa girisi. "Agogo, kamtengo kaja mundibwereke, ndikapachike pagalaja."

"Kadule kako," anayankha agogo akupukuta m'maso. "Aliyense ali ndi msewu wake."

Inu amene mukufuna kugula galimoto, musagule ndi maso ndipo musagule ndi mantha. Yambani mwadziwa ntchito imene mukuifunira ndi msewu umene idzayendemo. Onani zingapo, ziyendetseni, tengani amene adzakweremo ndi katundu amene idzanyamule. Funsani za mafuta, zipangizo, chitetezo ndi lonjezo lolembedwa, ndipo funsani makanika amene sakugulitsani kanthu. Wokukakamizani kusayina lero mumuope. Galimoto yabwino si yowala kwambiri, si yotchipa kwambiri, si yodula kwambiri, koma imene ikugwirireni ntchito yanu zaka zambiri osakusaukitsani.