Likhweru la mu Amplifaya

Agogo anakhala pakhomo la chipinda, phazi limodzi kunja, poti chinthu cha magetsi sachikhalira pafupi. Patebulo panali makina okuzira mawu, amplifaya imene mdzukulu wawo wamkazi anapanga yekha. Mwini shopu yokonza mawailesi anali atanena kuti abwera masana kudzaimvera. Ikamveka bwino, mtsikanayo ayamba ntchito Lolemba.

Koma chiyatsireni m'mawa, sipika inkangoliza likhweru lolasa m'mano. Akakweza voliyumu, nalo linkakwera.

"Zula kusoketi, mwanawe," anatero Agogo. "Chinthu chikamalira chotero chimafuna kuphulika."

"Sichiphulika, Agogo."

"Nanga nsapato bwanji sunavale? Ukufuna magetsi akugwire?"

Mtsikanayo anasintha tizipangizo tiwiri totchedwa makapasita, anayeza magetsi ndi mita, anawotcherera paliponse pokayikitsa. Likhweru osatha. Dzuwa litafika pamwendo wa tebulo, Agogo anaona mwanayo akuyezanso pomwe anayeza kale.

Manambala a pamita iwo sankawadziwa. Koma wamantha saphethira: sabata yonse anali atachiyang'anitsitsa chinthucho ngati njoka yolowa m'nyumba.

"Dzulo chimayimba bwino," anatero, "pamene mawaya anali balalabalala ngati tsitsi losapesa."

"Ndangowamanga kuti abwanawo asandione uve."

"Ndiye ndikunenazo. Wofiira wa kusipikayo unkadutsa uko kukhoma. Wotuwa wolowetsa nyimbo unali kuno. Lero wawakumbatiritsa."

Mtsikanayo anauyang'ana mtolo wa mawayawo, kukamwa yasa. Waya wotulutsa mawu unagona pa wolowetsa, moti mawu ankabwerera m'makina n'kumangozungulira.

"Wazimitsa?" anafunsa Agogo.

"Ndazimitsa."

"Zula ndithu."

Anazula, anadula zomangira zonse zitatu, waya uliwonse n'kuubwezera njira yake. Atayatsa, kunali zii. Anakweza voliyumu mpaka kumapeto, ziibe. Kenako anaika nyimbo, ng'oma zake zinagwedeza galasi la pawindo, ndipo Agogo anagwira pamtima uku akuseka.

Mwini shopu atafika anamvera nyimbo ziwiri, n'kusuzumira m'kati mwa bokosi.

"Anakuphunzitsa ndani kutalikitsa mawaya chonchi?"

"Injiniya wathu ali pakhomoyo," anayankha mtsikanayo.

Bamboyo anavula chipewa. "Zikomo, Mayi. Mwanayu abwere Lolemba."

Agogo anakonza mpango wawo, analowetsa phazi lachiwiri lija m'chipinda, nafika mpaka patebulo penipeni.

"Kushopu kwanuko, Bambo, pansi m'pouma? Paja madzi ndi magetsi sizigwirizana."