Bowo la Singano

Kabwana anabadwa ndi mimba yosasunga kanthu. Akayamwa, mkaka unkabwerera, wina kutulukira m'mphuno, ndipo pachifuwa pake pankalira ngati chitseko chadzimbiri. Anesi anawalangiza mayi ake momveka: azimupatsa pang'ono koma pafupipafupi, mutu uli m'mwamba, ndipo akamaliza azimunyamula chilili mpaka ageye. Poti pabere ankatopa msanga, mayiyo ankafinyira mkaka m'botolo la kamphira kothina, kotulutsa dontho limodzilimodzi.

Mayiyo ankasoka mushopu ya alamu ake, mlongo wa mwamuna wake. Nyumba imene ankagonamo inalinso ya alamuwo, ndipo zomwetsa mwana madonthozi sizinkawafika pamtima.

"Mwana wa mlongo wanga akumwa ngati mpheta," ankatero. "Ndiye akula chaka chanji?"

Masana ena kunabwera kasitomala wodzatenga diresi lomwe linali lisanasitidwe. Kabwana anali atayamba kale kulirira njala.

"Kasiteni, mlamu, ndimumwetsa ine," anatero alamuwo. "Kapena botolo nalonso limafuna satifiketi?"

"Musamugoneke, chonde."

"Ndalera ana inu musanamere mano."

Mayiyo analowa kuchipinda chakuseri kwa shopuyo mtima uli m'mwamba. Anasita kolala, n'kuyamba mkono. Ali mkati mosita anazindikira kuti kutsogolo kwangoti zii. Kabwana akamamwa ankapumira, kung'ung'udza, n'kuyambiranso. Chete wotereyu sanali wake. Anazimitsa simbi n'kuthamanga.

Anamupeza ali chagada pamiyendo ya azakhali ake, botolo litatsala pang'ono kutha. Maso anali tong'oo, kukamwa yasa, koma mawu osatuluka. Milomo inali itayamba kuda.

"Wangokhuta uyu," anatero alamuwo.

Mayiyo anawalanda mwanayo. Anamugoneka chafufumimba pamkono, mutu chakumunsi, n'kumumenya ndi chikhatho pakati pa mapewa. Palibe chinachitika. Kasitomala uja anayamba kupemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedera. Mayiyo anamumenyanso mwanayo. Kathupiko kanali lende ngati nsalu yonyowa.

"Puma, bambo. Puma."

Kabwana anatsokomola. Mkaka unakhavukira pansapato za kasitomala, kenako kunamveka kulira kosasa mawu, kodukaduka.

Atamuika paphewa, mayiyo anatola botolo ndi dzanja linalo n'kulizondotsa. Mkaka unatsika ngati ulusi, osaduka.

"Alamu, kamphiraka mwakatani?"

"Ndangokuzako bowo ndi singano yamoto. Mwana mpaka thukuta pokoka. Ndinamva chisoni ine."

Alamuwo anali kunena zoona. Mayiyo anakweza kamalaya ka mwana. Pansi pa nthiti pankalowa m'kati akamapuma, timphuno tikutukuka. Anesi aja anali atanena kuti akadzaona zimenezo asadikire munthu.

"Ndikupita naye kuchipatala. Mkaka wina walowa kolakwika."

"Si wapuma uyu? Mukufuna anesi akanditukwane? Nanga diresi la amayiwa?"

"Diresi silipuma, alamu."

Mushopumo munalibe amene anayankhulapo kwa mwini wake choncho. Koma poti anali atayamba, mayiyo anapitiriza.

"Kuyambira lero womwetsa mwanayu ndine ndekha. Nthawi yake ikakwana, makina aziima. Ngati sizingatheke mundiuze, tikambe ndi bambo ake madzulo."

Alamuwo anayang'ana botolo, n'kuyang'ana pachifuwa pa mwana pamene pankalowa ndi kutuluka. Anatembenukira kwa kasitomala.

"Mubwere mawa, mayi. Pepani za nsapatozo."

Anatenga makiyi pamsomali. Ali pakhomo anatambasula manja mwachizolowezi.

"Bweretsani ndikunyamulireni."

"Nyamulani chikwama," anatero mayiyo.

Anatuluka patsogolo, Kabwana ali chilili paphewa, khutu lake lili pafupi ndi kamwa la mwanayo.