Tepi ya Lachinayi ya ku Depoti ya a Mathero

Makamera anayi a pa depoti ya nandolo ya a Mathero ku Namitambo anafika mu 1997, a Pius atalondera kale pamalopo zaka khumi. Anali makamera aakulu ngati njerwa, ojambula zakuda ndi zoyera, ndipo anthu a njinga ochokera ku Mbombwe ankaima pamsewu kumangowayang'ana kukamwa yasa. M'mawa uliwonse a Pius ankatulutsa tepi ya dzulo m'makina n'kulowetsamo ya lero. Matepi analipo asanu ndi awiri, iliyonse ndi dzina la tsiku lake, ndipo sabata ikatha zatsopano zinkafufuta zakale. Palibe ankawaonera, komabe mkuluyu ankawapukuta ndi kansalu ngati ziwiya za kutchalitchi. Eee, zinali zaka zokoma zimenezo.

A Mathero anamwalira mu 2003, depoti n'kutsalira mwana wawo Lydia, amene anakulira kusukulu zogonera konko ndipo tsopano ankakhala ku Limbe. Mu 2008 Lydia anabwera ndi katswiri wina dzina lake Francisko. Makamera akale aja sanawachotse ayi. Anangozula mawaya awo m'makina a matepi n'kuwalumikiza ku kabokosi, kabokosiko ku kompyuta, kompyutayo ku intaneti, kuti zithunzi zizifika mpaka ku Limbe. Kenako anajambula mzere wofiira pa chithunzi cha geti lakuseri, nanena kuti munthu akangodumpha mzerewo kompyuta izilira n'kutumiza nkhope yake kwa abwana. A Pius anafunsa kuti chinthu chopanda mphuno chingadziwe bwanji munthu wabwino ndi woipa. Francisko anangoseka, makina a matepi n'kuwakankhira pakona.

Sipanathe masiku anayi, Lydia anatulukira nkhope ili gwa. Anawakhazika a Pius patsogolo pa kompyuta. Ndi awo amayi asanu ndi mmodzi, matsache ndi mabeseni m'manja, akulowa pageti lakuseri dzuwa litapendeka. Wowatsegulira ndani? A Pius. Ndi awonso a Pius omwewo, amayiwo asanafike, akubaya thumba ndi chitsulo choyezera mbewu, nandolo waa pansi.

"Bambo Pius, ndinu mlonda kapena wotsegulira akuba? Pofika Lachisanu mukhale mutalongedza."

Mawuwo anawalasa mumtima. Ntchito kutha si kanthu, koma kuchoka ndi dzina la wakuba atakalamba chonchi, a Bernadetta, mmodzi wa amayi aja, ndi amasiye anzawo akuonerera, zimenezo ndiye zinawawawa. Anayesa kufotokoza kuti amayiwo amangokunkha, kuti pa depoti pano chogwa pansi ndi cha amasiye, ndipo anakhazikitsa zimenezo ndi malemu eni ake. Lydia anati kukunkha akukudziwa, koma nandolo sadziboolera yekha thumba, ndipo bambo ake, munthu amene ankatola ngakhale msomali wopindika, sakanalola zoterozo. Chonsecho malemu anali atawalumbiritsa a Pius kuti nkhani ya chitsuloyo isadzamveke, kuopa kuti amayiwo angachite manyazi n'kusiya kubwera.

Lachisanu m'mawa anafika atavala jekete lawo la kutchalitchi, m'manja muli kanthu kokulunga m'chitenje chakale. Inali tepi ya Lachinayi lomaliza limene a Mathero anabwera kuntchito. Sabata ya maliro ija a Pius anaitulutsa, mtima n'kukana kuti ifufutidwe, ndipo anaisunga m'sutikesi zaka zisanu osaionera. Anapempha Francisko, amene anabwera kudzamaliza zolumikiza, kuti awayatsire makina apakona aja kamodzi kokha. Lydia anati achite, bola achite msanga.

Makina anakhosomola, chithunzi chinanjenjemera, kenako n'kukhazikika. Ndi awo a Mathero, chipewa chawo chija, kayendedwe kawo kotsimphina kaja. Anafika pa mulu wa matumba, anayang'ana uku ndi uku ngati mwana wofuna kuba shuga, n'kufulatira kamera. Iwo ankaganiza kuti akaifulatira ndiye kuti siikuona, chonsecho kamera anagula okha! Dzanja linalowa m'thumba la jekete, chitsulo chinatuluka, thumba linabooka. Kenako anayamba kukalipira thumbalo, manja m'mwamba, kudandaula za matumba owola a masiku ano, uku akukodola a Pius kuti atsegule geti.

Francisko anaseka mpaka kugwira khoma. Lydia sanaseke. Chiwaikireni m'manda anali asanawaonenso bambo ake akuyenda, ndipo misozi inangotsika yokha. Anapempha kuti abwezenso, n'kubwezanso kachitatu. A Pius nawo anawasowa abwana awo tsiku limenelo kuposa tsiku la maliro.

Dzuwa litapendeka, amayi aja anafika n'kuima patali, poti mbiri inali itawafika kale. Lydia anapukuta m'maso n'kutembenukira kwa mlonda.

"Chitsulo chija chili kuti, bambo?"

A Pius anachitulutsa m'jekete. Lydia anachilandira, anapita pa mulu wa matumba, anayang'ana uku ndi uku, n'kufulatira kamera. Geti litatseguka kompyuta inalira mu ofesi, inaliranso, koma munalibe munthu woimvera.