Mbiri Imene Peggy Anawerenga pa Maliro a Mzungu

Ine kukhala pansi kumandiyabwa. Chilandirire chiphaso choti ife okalamba tizikwera basi ulere kuno kwa azungu, ndimangomwa tiyi n'kuuyamba ulendo, lero Edmonton, mawa Greenwich, kutola nkhani za anthu osawadziwa. Iyi yokha sindinachite kumva. Ndinaiona ndi maso angawa ku Croydon mu 2006.

Peggy, mwana wa ku Ntcheu wogwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, anandipeza ndikudikira tramu, kasitima koyenda m'misewu ya m'tauni.

"A Jailos, miyendo yanu yosakhazikikayo lero igwireko ntchito. Tiyeni kumaliro."

"A ndani?"

"A Hartnell, mzungu wanga wa m'chipinda naini. Alibe m'bale ndi mmodzi yemwe. Akhonsolo ndiwo akukawotcha mtembo, ndiye atipatsa mphindi makumi awiri basi. Munthu wa zaka eyite-folo apite wopanda mbiri ngati nkhuku ya chitopa? Ine ayi."

Mu tramu muja Peggy sanakhale pansi. Ankangotembenuza pepala lake, milomo ikugwedera. Anati malemuwo anali mphunzitsi wa payunivesite, wofufuza mabuku a ku Russia, ndipo mutu unali utayamba kusokonekera. Mbiriyo Peggy anaitola pakamwa pawo, m'mawa uliwonse akamawasambitsa ndi kuwameta ndevu.

M'kanyumba ka mapemphero tinalimo anayi: Peggy, ine, bambo wa kukhonsolo amene maso ake sankachoka pa wotchi, ndi mayi wina wachizungu wamtali kumbuyo. Panja galimoto ya maliro ena inali itafika kale.

Peggy anaima pagome kutsogolo n'kuwerenga m'Chingerezi. Malemu anali mwana wa munthu wokonza njanji. Ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi anamangidwa chifukwa cha nthano imodzi imene analemba. Anakhala zaka zisanu ndi zitatu akudula mitengo kumalo ozizira koopsa, mano onse n'kuguluka ndi njala.

"Pepani." Anali mayi wa kumbuyo uja, ataimirira. "Imeneyo si mbiri yawo."

Anati iye anali wophunzira wa a Hartnell. Zonse zimene Peggy anawerenga zinali za mlembi wina wa ku Russia amene anamwalira kalekale, yemwe malemuwo anamufufuza zaka makumi anayi. Dzina la mlembiyo analitchula, koma lilime langa linakana kulinyamula.

"Iwowa ku Russia sanapondeko," anatero. "Anapempha chilolezo kasanu, kasanu konse anawakaniza."

"Mayi, mano awo ndinkawatsuka m'kapu ndine!" anatero Peggy. "Ankalira akamanena za ndendeyo!"

"Ankaliranso m'kalasi."

Bambo wa kukhonsolo anatsokomola n'kukweza zala zisanu ndi chimodzi, kusonyeza mphindi zotsala. Peggy anayang'ana pepala lake, anayang'ana bokosi, kenaka anachoka pagome paja.

"Chabwino. Bwerani kuno. Kwathu munthu sapita mbiri yake isananenedwe. Yangayi mwaikana, tipatseni yanu."

Mayi uja anabwera kutsogolo, chikwama atachifinya pamimba.

"Anabadwira kuti?" Peggy anafunsa.

"Sindikudziwa."

"Anakwatirapo?"

"Sindinafunsepo."

"Munakhala nawo zaka zingati?"

"Zisanu ndi chimodzi."

"Iii! Ndiye munkacheza chiyani?"

"Za mlembiyo. Iyeyo ndingakuuzeni ngakhale tsiku limene anagula nsapato."

Zala za bambo uja zinatsala zitatu. Ine miyendo inali itayamba kale kuyabwa, koma ndinaona kuti munthuyu apitadi chimanjamanja. Ndinati ndi Chingerezi changa cha sitandade eyiti: "Mayi, za m'mabuku zisiyeni. Nenani chimene maso anu anaona."

Mayi uja anayamba, mofulumira ngati wothawa mvula. Anati a Hartnell ankabwera kuntchito pa njinga, buluku atalilowetsa m'masokosi. Apozi ankadya ndi njere zomwe. Chaka chimene iye anabereka mwana n'kufuna kusiya sukulu, a Hartnell ankakwera masitepe a nyumba yake Lachinayi lililonse, mabuku ali m'jumbo. Iwo ankanyamula khandalo n'kumazungulira nalo m'chipinda, iye akuwerenga Chirasha mokweza. Akalakwitsa, ankamukonza chonong'ona kuti mwana asadzuke.

Bambo wa kukhonsolo anadina batani, nsalu yotchinga bokosi n'kuyamba kuyenda.

"Dikirani!" Peggy anakuwa. "Mwanayo alipo?"

"Alipo. Ndi wamkulu tsopano."

Nsalu sinadikire. Peggy anathamangira pagome paja, nalankhula m'Chichewa, mokweza, kuti mawu alowe pampata umene unatsala:

"Malemu asiya mwana mmodzi wamkazi ndi mdzukulu mmodzi. Mbiri yathera pomwepa."

Chitseko cha kumbuyo chinatseguka, anamfedwa a maliro ena aja n'kuyamba kulowa.